Sikuta Yokankha ya Oom Lionel

Chaka chathachi, anthu a mumsewu wa Klip ku Grassy Park sankafunikira wotchi m'mawa. Ikangokwana kota pasiti teni pankadutsa Oom Lionel Pekeur (kuno bambo wachikulire timamutchula kuti Oom, kutanthauza malume), jekete yabuluu yomanga mabatani mpaka m'khosi, chipewa cholimba cha anjinga kumutu, akutsimphina uku akukankha sikuta yamagetsi. Ndikuti kukankha, osati kukwera. Batire lodzaza, matayala atsopano, buleki yogwira bwinobwino, koma mwiniwake ali pansi thukuta lili kamukamu, ngati munthu wokokera mbuzi kumsika. Pachiwongolero pankalendewera kachikwama ka chakudya chotentha.

Zinkapsetsa mtima kuonerera, ndipo Boeta Sedick, wogulitsa zipatso pakona, sankalola kuti adutse mwakachetechete.

"Bwana tirafiki! Hatchi yatopanso lero? Ipatseni nthochi iyi, mwina ikuberekani."

"Tebulo lako ladutsa mzere ndi phazi lathunthu, Sedick. Uthokoze kuti ndinapuma ntchito."

"Timathokoza tsiku ndi tsiku, achimwene. Mpaka kumzikiti timakatchula."

Oom Lionel anagwira upolisi wapamsewu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ambiri kuno anawadziwira pa kapepala ka chindapusa. Analemba m'busa wa tchalitchi chawo chomwe. Analemba mlamu wawo pa tsiku la ukwati wa mwana wake, galimoto ili ndi maluwa ndi maliboni. Kangachepe sankalandira, ngakhale botolo la chakumwa pa tsiku lotentha. Anthu otere timawatama pamaliro, koma kukhala nawo mumsewu umodzi ndi mtanda.

Ngakhale mkazi anamupeza ndi buku la matikiti. Chaka chawo choyamba pantchito, mtsikana wina dzina lake Sybil anaimika galimoto ya bambo ake pa mzere wofiira n'kuyamba kugulitsa nsomba ya snoek pompo. Lionel analemba tikiti. Sybil anaiwerenga mpaka pansi, anaing'amba pakati, n'kuika zidutswazo m'thumba la malaya a yunifolomu, ndi manja onunkha nsomba. Lionel anapita kwawo kwa mtsikanayo kukapereka tikiti ina. Anapitanso kachiwiri, kachitatu. Ulendo wachinayi anavala suti. Chindapusacho analipira okha mwakachetechete, ndipo Anti Sybil anawaseka nacho zaka makumi anayi. Iwo ndiwo ankawoloka msewu paliponse pamene afuna, amuna awo akuyenda mpaka pa maloboti, n'kukumana kutsidya.

Kenako Anti Sybil anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita, panatsala maso aja akuthwa ndi dzanja lamanzere. Atatuluka m'chipatala anakakhala kunyumba yosamalira okalamba cha ku Plumstead, makilomita anayi kuchokera pakhomo pawo. Kumeneko anayamba chinthu chimene chinasowetsa anamwino mtendere: kukana kudya. Namwino akabwera ndi supuni, iwo ankaluma mano n'kutembenukira kukhoma. Ankatsegula pakamwa pokhapokha supuniyo ili m'dzanja la Lionel, ndipo nthawi yake inali imodzi yokha. M'mawa ankakhala ali ndi tulo, hafu pasiti twelofu ankamwa mankhwala n'kugonanso, madzulo ankangovutika. Ndiye Oom Lionel, amene moyo wawo wonse sanakazingepo ngakhale dzira, anatsegula kope la maphikidwe la akazi awo n'kuphunzira bredie, nyama ya nkhosa yophika ndi tomato mpaka kufewa, n'kumaisinja pamodzi ndi mbatata. Twelofu koloko ankayenera kukhala pambali pa bedi. Ntchito yawo yonse padziko inatsala imeneyo.

Poyamba ankapita pa galimoto. Koma laisensi itatha, anakalephera kuyezetsa maso, kuja umasuzumira m'makina n'kunena mbali imene kachizindikiro kali. Anthu ndi magalimoto ankaona bwino, chinawakanika ndi mzere womaliza wa tinthu tating'ono. Woyezayo ankawadziwa, ndipo ananong'ona kuti, "Nenani kumanzere, Oom." Iwo anadzutsa mutu n'kufunsa dzina la bwana wake. Anabwerera kunyumba wapansi, galimoto n'kuiphimba ndi lona.

Za minibasi musanene. Dalaivala uti pa msewu umenewu amene Oom Lionel sanamulembepo? Akaimika, minibasi inkachepetsa liwiro, kondakitala n'kutulutsa mutu pazenera: "Yadzaza, bwana! Mwatiphunzitsa nokha!" n'kudutsa mipando ili mbee. Magalimoto oitana pafoni anawafikitsa mochedwa kawiri, ndipo anaileka. Njinga yakapalasa bondo lawo lakumanzere silinkalola. Anayamba kuyenda pansi, ola limodzi ndi theka, bondolo likutupa tsiku ndi tsiku.

Apa m'pamene mwana wawo Rochelle, amene amagwira ntchito kufakitale ku Bellville ndipo amachoka m'mamawa, anabweretsa sikuta ija. Kathabwa koimapo, matayala awiri, chiwongolero ndi kabatani. Sipafunika kupinda bondo, umangoima n'kudina. Ulendo wonse ukanakhala wa mphindi khumi ndi zisanu.

Munthu wina aliyense akanathokoza n'kukwera. Oom Lionel anatsitsa mabuku awo akale a malamulo apamsewu pamwamba pa kabati, anawerenga masiku awiri, kenako anakankha sikutayo mpaka ku ofesi ya malaisensi. Kalaliki, mtsikana wa zikhadabo zazitali zopenta, anasuzumira pa kauntala.

"N'chiyani chimenechi, Oom?"

"Galimoto. Ndabwera kudzalembetsa."

"Nambala ya injini?"

"Injini ili m'kati mwa tayala."

"Mipando ingati?"

"Ilibe mpando."

"Ndiye si galimoto. Pitani muziyenda nayo."

"Pati?"

"M'kanjira ka apansi, basi."

"Ili ndi injini, mwana wanga. Chinthu cha injini sichiyenda m'kanjira ka apansi."

"Ndiye pamsewu."

"Popanda nambala?"

"Nambala sitingapereke. Pafomu palibe malo ake."

"Nanga ndiziyenda nayo pati?"

Mtsikanayo anayang'ana mzere wa anthu umene unali utafika pakhomo. "Oom, anthu akukwera zimenezi mtawuni monse. Palibe amene amafunsa."

"Ine ndikufunsa."

Apa ndiye sindiwaimba mlandu okha, chifukwa nazonso zoterezi n'zamisala. Sitolo imakugulitsa chinthu masana dzuwa likuswa mtengo, ndi lisiti lomwe, koma ukangotuluka nacho pakhomo palibe malo amene ungachiyendetse. Pamsewu ayi, pambali pa msewu ayi. Oom Lionel analemba makalata atatu kwa akuluakulu, ndipo yankho linabwera limodzi, loti nkhaniyi ikuunikidwa. Malo okhawo amene anapeza m'mabuku awo kuti ndi ololedwa anali pabwalo la mwini. Ndiye madzulo aliwonse ankazungulira mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba, msana uli chilili, akukweza dzanja kusonyeza kuti akukhota, ngakhale woona anali galu wa aneba yekha. Pakutha sabata ankaiyendetsa mwaluso kuposa achinyamata okwera masikuta ku Sea Point.

Koma kunja kwa geti ankakankha. Ankati imawathandiza kutsamira ndi kukolekapo chikwama. Ndiponso, bwalo la nyumba ya okalamba ija ndi la eni, si la boma. Choncho akangolowa pageti ankakwera, n'kuyenda mwaulemerero masitepe makumi asanu mpaka pakhomo. Kukankha makilomita anayi kuti akwere masitepe makumi asanu! Mlonda wapageti ankachita kubisala m'kanyumba kake kuti aseke bwino.

Rochelle sankaseka ayi.

"Adadi, ndinagula chinthu choti chizikunyamulani, osati inu muzichinyamula!"

"Sindichinyamula, ndimachikankha. Kukankha sikuletsedwa."

"Taonani bondo lanulo, lafanana ndi vwende! Ndani angakugwireni? Apolisi ali ndi ntchito zina."

"Nkhani si kugwidwa, Rochelle. Ndalemba anthu zaka makumi atatu ndi zinayi. Ena ankalira, ena ankati akuthamangira odwala. Ndinkawauza kuti aliyense ali ndi chifukwa. Lero ndikwere ine, ndikawayang'ana ndi nkhope iti?"

"Ndi yomweyo imene mukayang'ane nayo amayi akuonda."

Oom Lionel anatembenuka. Anapita kukhitchini kukasenda mbatata za mawa.

Bondo nalo silimva malamulo. Mwezi wa Okutobala anayamba kufika mochedwa. Ankanyamuka teni koloko, kenako hafu pasiti naini, koma kupuma kunkachuluka m'njira, ndipo sabata imodzi anafika katatu akazi awo atamwa kale mankhwala, zikope zikulemera. Ankabwerera ndi bredie yosakhudzidwa. Lolemba lotsatira namwino wamkulu anawaimitsa mukhonde.

"Oom Lionel, Lachisanu tiwayeza pa sikelo. Akapezeka atsikanso, adokotala akuti tiike kapaipi kodyetsera m'mphuno."

Oom Lionel ankakadziwa kapaipi kameneko. Kuchipatala kuja Anti Sybil anakazula kawiri, mpaka anamwino anawamangirira dzanja lamanzere ku chitsulo cha bedi. Dzanja limodzi lokhalo limene linatsala, lokandira pamphuno, lokokera bulangete, logwirira chala cha amuna awo. Analira masiku anayi popanda mawu. Oom Lionel anachita mantha enieni, mantha amene sanawamvepo ngakhale pamene ankaimitsa magalimoto a zigawenga.

Lolemba ndi Lachiwiri anafika pa nthawi, Mulungu yekha akudziwa bwanji. Lachitatu kunadzuka chimphepo chija cha kum'mwera chimene chimagwetsa migolo ya zinyalala, ndipo chinkawaomba kumaso. Atafika pa tebulo la Boeta Sedick bondo linangouma gwa. Anakhala pa bokosi la malalanje kuti lipole. Mphindi khumi, theka la ola, ola lathunthu. Akaimirira, mwendo unkakana kupinda. Wotchi inafika hafu pasiti leveni ali pompo, njira yambiri ikadali kutsogolo.

Boeta Sedick sanatchule za hatchi tsiku limenelo. Galimoto yake inali itapita kukapikula zipatso kumsika wa ku Epping. Anaimika minibasi ziwiri, zonse zinaliza hutala n'kudutsa. Kenako anavula kachipewa kake koyera, anakanda m'mutu, n'kugwada pafupi ndi bokosi lija.

"Lionel. Ine ndi iwe tatukwanizana chiyambire tili ndi tsitsi. Unandilemba kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kamodzi unkalondola. Koma lero ukapusa, sindidzakupatsanso moni. Sybil akudikira supuni. Kwera chinthuchi."

"Pamsewu kapena m'kanjira?"

"Ngakhale padenga, munthu iwe! Kwera!"

Oom Lionel anayang'ana kanjira ka apansi. Munali amayi okankha ana m'tingolo ndi agogo a ndodo. Anayang'ana msewu. Anamanga lamba wa chipewa, anaponda pa kathabwa, anayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso, anatambasula dzanja, n'kudina kabatani.

Amene anaona sadzaiwala. Ankayenda m'mphepete mwenimweni mwa phula, jekete ikukupiza mumphepo, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukaika maliro. Pa chikwangwani choti ima ankaima zenizeni, phazi pansi, kuwerenga mpaka zitatu. Madalaivala a minibasi sanakhulupirire maso awo. Woyamba anachepetsa liwiro n'kuyamba kuwatsata pambuyo, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu anayatsa nyali zonse. Mahutala anasokosa msewu wonse, makondakitala atalendewera pazitseko.

"Pekeur waswa lamulo! Itanani atolankhani!"

"Nambala ili kuti, bwana? Laisensi tione!"

Phokoso limenelo ndi limene linakoka wapolisi wapamsewu wa pa njinga yamoto. Anadutsa mdipiti wonsewo, anaima kutsogolo kwa sikuta, n'kukweza dzanja. Atatsegula galasi la chipewa chake, onse awiri anazizidwa. Anali Zukiswa Ntlabati, amene Oom Lionel anamuphunzitsa ntchito zaka zawo ziwiri zomaliza, kuyambira kaimidwe pamphambano mpaka kalembedwe ka tikiti.

"Tata Pekeur? Ndinu?"

"Ndine, Ntlabati."

Zukiswa anaona kachikwama ka chakudya, ndipo za Anti Sybil ankazidziwa. Anatembenukira a minibasi aja n'kuwakalipira kuti azipita, kenako ananena motsitsa mawu, "Pitani, Tata. Sindinaone kanthu."

Nthawi inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane twelofu. Ndikanakhalapo ndikanawakankha ndekha. Koma Oom Lionel anatsitsa phazi pansi.

"Anakuphunzitsa ndani zoti sunaone kanthu? Anthu onsewa aona. Ukandisiya ine, mawa umulemba bwanji uja wa minibasi? Tulutsa buku."

"Tata, chonde..."

"Tulutsa buku, ndikuchedwa! Lemba: galimoto yosalembetsa pamsewu wa boma. Lemba: woyendetsa alibe laisensi. Dzina ukulidziwa. Pekeur, e awiri, osati a."

Zukiswa analemba mofulumira, milomo ataluma. Pofika pa bokosi la mtundu wa galimoto cholembera chinaima.

"Apa ndilemba chiyani?"

"Miyezi itatu ndakhala ndikufunsa funso lomwelo. Lemba kuti zina."

Anasaina, anapinda tikitiyo bwinobwino n'kuiika m'thumba la pachifuwa. Onse awiri ankadziwa chotsatira. Oom Lionel ankaphunzitsa okha kuti galimoto yosalembetsa siipitiriza ulendo, imalandidwa pompo. Manja awo anafinya chiwongolero. Mawu amene anatuluka anali aang'ono, a nkhalamba.

"Ntlabati, mwana wanga. Sindinapemphepo munthu wa yunifolomu chinthu chotere. Tikiti ndalandira, ndi yanga. Ukandipeza mawa ulembenso. Koma usandilande. Chonde. Akufuna kumumanga Sybil dzanja."

Zukiswa anamenya thanki ya njinga yake ndi chikhatho.

"Ndikulandeni ndikaiika pati, Tata? Pamutu? Galimoto yonyamula ifika mawa lino kapena mkuja. Tiyeni, nditsateni, koma musandipitirire."

Anayatsa nyali zabuluu n'kutsogola pang'onopang'ono, sikuta pambuyo, ndipo a minibasi awiri amene anakana kuchoka anatseka kumbuyo kuti pasadutse galimoto. Analowa pageti twelofu itapitirira ndi mphindi zisanu ndi zitatu. Mlonda anaimirira n'kuchita sailuti osadziwa chifukwa chake.

Anti Sybil anali atatembenukira kale kukhoma. Oom Lionel anakoka mpando, anatsegula chikwama, fungo la bredie linadzaza chipinda. Anatunga pang'ono, anauzira.

"Sybil, ndafika. Tsegula."

Mano anali olumana. Sabata yatha anawadikiritsa katatu, lero achedwanso, ndipo mkazi uyu sanali wokhululuka msanga ngakhale ali bwino. Oom Lionel anayesanso, anapempha, anakalipa pang'ono. Namwino wamkulu anasuzumira pakhomo, anayang'ana wotchi, n'kubwerera. Oom Lionel anaika supuni pansi, mtima utasweka. Popukuta thukuta, dzanja linakhudza thumba la pachifuwa.

Anatulutsa tikiti ija, anaitambasula, n'kuiika pakati pa nkhope ya akazi awo ndi khoma.

"Taona zimene wandichititsa."

Maso a Anti Sybil anayenda papepalapo pang'onopang'ono, monga anachitira pa mzere wofiira paja, mpaka pansi. Anafika pa dzina. Anabwerera pamwamba, anafikanso pa dzina. Mutu unatembenuka. Mbali yamoyo ya pakamwa inayamba kunjenjemera, phewa lamanzere linagwedezeka, ndipo m'khosi munatuluka kaphokoso kosasa kamene Oom Lionel anali asanakamve chiyambire sitiroko. Ankaseka. Ankaseka mpaka misozi kutsikira m'khutu.

"Seka, seka. Milandu iwiri. Mdipiti wa minibasi pambuyo. Sedick auza tawuni yonse."

Dzanja lamanzere linatuluka m'bulangete n'kugwira ngodya ya tikitiyo. Linakoka. Pepala siling'ambika ndi dzanja limodzi, limangotsatira. Anti Sybil anayang'ana amuna awo, n'kukokanso.

"Ayi, Sybil. Ndi chikalata cha boma chimenechi."

Anakokanso kachitatu, maso ali pa iwo. Oom Lionel anapumira m'mwamba, anayang'ana kukhomo ngati kuli munthu, kenako anagwiritsa mbali yawo ndi zala ziwiri, osasiya. Tikiti inang'ambika pakati. Dzanja lija linakwera movutikira, linafufuza pachifuwa pa jekete yabuluu, n'kulowetsa chidutswa chake m'thumba.

"Nambala yake ndaisunga pamtima, usaganize kuti wapambana," anatero Oom Lionel. "Mawa ndikweranso. Ndi mkuja. Twelofu izindipeza pompano."

Anatola supuni ija. Bredie inali ikadali yofunda, ndipo pakamwa panali potsegula kale.